Maola Asanu ndi Awiri Kuchokera ku New York

Spinney Hill, Leicester
Lachinayi, 19 Juni

Okondedwa achimwene anga a Jameson,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu. Muli bwanji kumeneko ku Ntcheu pamodzi ndi alamu anga ndi ana onse? Nanga bondo lija linkakuvutani nthawi yokolola, latsika? Ndikudziwa kuti kuchipatala simunapite, inu ndi chipatala simumwerana madzi.

Ine thupi lili bwino. Zina zonse sizili bwino.

Pamene muziwerenga kalatayi mukhala mutamva kale kuti alamu anu a Ephraim atisiya lero masana. A Kingstone, mkulu wa mpingo wathu kuno, anati akuimbirani okha monga mwa mwambo. Choncho sindikulemba kuti ndikuuzeni za maliro. Ndikulemba za Mayankho, chifukwa malume ake ndinu. Pano ali m'ndege pamwamba pa nyanja, akubwera kudzaona bambo ake ali moyo.

Ndadzitsekera kuchipinda cham'mwamba. Pansipa amayi a Mvano adzaza, akuimba. Ndikulemba papepala, ndikatha ndijambula ndi foni n'kukutumizirani. Kulankhula sindingathe, chifukwa makoma a nyumba zakuno ndi opyapyala, woyandikana naye akatsokomola umachita kumufunsa ngati wamwa mankhwala.

Mukudziwa kuti Mayankho tinabwera naye kuno ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, wakulira kuno, pasipoti yake ndi yakuno. Chimene sitinakuuzeni bwinobwino ndi mmene akukhalira ku Amereka. Anapita zaka zinayi zapitazo kukacheza kwa mnzake kwa masabata atatu. Kumeneko anakumana ndi Kelly, ndipo masabata atatu aja mpaka lero sanathe. Masiku amene anamuloleza kukhala m'dzikomo anadutsa kalekale. Tinkakuuzani kuti ali pantchito yabwino, ndipo sitinkanama, koma mbali inayo tinkaisiya.

Chaka chatha anakwatirana n'kuyamba kukonza mapepala. Loya wawo anamuuza chinthu chimodzi, ndipo Mayankho anatibwerezera pafoni mpaka tinachiloweza ngati vesi la Sande sukulu: asatuluke m'dzikomo mapepala asanatuluke. Akangokwera ndege, khomo limutsekekera kumbuyo, mwina zaka khumi. Kelly ndi woyembekezera, mwezi wake ndi Ogasiti. Kusamukira kuno sangathe, mayi ake amadwala impso ndipo amene amawapititsa kuchipatala katatu pa sabata ndi iyeyo.

Alamu anu mumawadziwa, uphunzitsi sunawachoke ngakhale atha zaka pafupifupi makumi awiri akunyamula makatoni m'nyumba zosungiramo katundu. Kukhitchini anamata mapu a dziko lonse, n'kukhomera kaulusi kofiira kuchokera ku London kukafika ku New York. Mlendo aliyense, ngakhale wobwera kudzakonza mpopi, ankalandira phunziro laulere. Makilomita 5,500, ankatero, ngati kuyenda kuchokera ku Nsanje kukafika ku Chitipa kasanu. Popita ndi maola asanu ndi atatu, pobwera asanu ndi awiri, chifukwa kumwambako kuli mphepo imene imakankha ndege kumbuyo ikamabwera kuno. Ankaseka n'kumati ngakhale mphepo ikudziwa kumene kuli kwawo kwa mwanayo.

Pamwamba pa firiji anaikapo wotchi yachiwiri yoyendera nthawi ya ku New York, maola asanu kumbuyo kwa yathu, kuti tisamamudzutse mwana ndi foni. Ine ndinkawaseka kuti nyumba imodzi mawotchi awiri, ngati tili pabwalo la ndege.

Khansa ija ya a Ephraim itafika kuchiwindi, madokotala anatiuza mu Epulo kuti palibenso chochita, tibwerere kunyumba. Anatibweretsera bedi lachipatala, tinaliika pabalaza. Tsiku lomwelo a Ephraim anandigwira dzanja n'kundilumbiritsa kuti Mayankho asakwere ndege chifukwa cha iwo. Anati iwo mwana wawo anamuona akubadwa, anamuona akuyamba kuyenda, ndiye nayenso aone wake. Akamalankhula naye pavidiyo ankavala shati loyera ndi chipewa, n'kumakamba za mpira, ine nditawatsamiritsa ndi mapilo kumbuyo kuti asagwe.

Ndinalumbira, koma mumtima ndinali ndi masamu anga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndakhala ndikusamalira okalamba, ndipo anthu amene ndawatseka maso sindingawawerenge. Ndimadziwa mapazi akayamba kuzizira, mawondo akachita mathothomathotho, kupuma kukayamba kudumphadumpha. Ndinkadzitama kuti ndikaona zimenezi, ndiye kuti kwatsala masiku awiri, ndipo atsikana a kuntchito amachita kundiitana kuti Jestina tabwerani mudzaone.

Ndiye ndinkati maola asanu ndi awiri n'chiyani? Shifiti yanga imodzi ndi maola khumi ndi awiri. Basi yochoka ku Blantyre m'mawa imakhala isanafike n'komwe ku Mzuzu. Ndinkati ndidikira mpaka zizindikiro zioneke, kenaka ndimuuze mwana zoona, asankhe yekha.

Dzulo m'mawa ndinagwira mapazi a alamu anu, ndinawapeza ozizira. Ndinatuluka kuseri kwa nyumba n'kumuimbira Mayankho. Ndinaphwanya lumbiro, ndipo pa chimenecho sindikupepesa kwa wina aliyense, mwana ayenera kudziwa. Iye anati alankhula kaye ndi Kelly komanso loya. Madzulo anandiuza kuti wabukitsa ndege ya m'mawa wa lero. Anati loya wakaniratu, koma Kelly wamuuza kuti ngati bambo ako ali moyo, pita ukawagwire dzanja, zinazo tidzaona.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti kaulusi ka alamu anu kankatinamiza. Maola asanu ndi awiri ndi a m'mwamba mokha. Kaulusiko sikawerengera kudikira tsiku la ndege, ulendo wopita kubwalo, mizere ya pachipata, ndi maola awiri ndi theka a pamsewu kuchokera kubwalo la ndege la Heathrow kudzafika kuno. Kuyambira pamene ndinaimba foni mpaka pamene angagogode pakhomo pano, ndi tsiku limodzi ndi theka. Ndipo masiku anga awiri aja, amene ndinkawadalira ngati ndinachita kupangana ndi Mulungu, sanakwane.

Foni ili apa pambali pa pepala. Pali kandege kakang'ono kamene kamaonetsa pamene afika. Pano 4 koloko yadutsa, kasiya mtunda wa Canada kumbuyo, kalowa pamadzi pokhapokha. Kamayenda pang'onopang'ono ngati nyerere, koma sikabwerera.

A Ephraim apita nthawi ya 12:20 masana ano. Tinali awiri, ine ndi mayi Tionenji, nesi wa kumpingo kwathu amene amakhala ku Evington ndipo wakhala nane sabata yonseyi. Anapuma kamodzi, tinadikira kupuma kwina, sikunabwere. Ndinakuwa kamodzi kokha, kenaka ndinapita kukhitchini kukatunga madzi oti ndiwapukute kumaso. Maso anga anagwera pa wotchi ya pafiriji, inkati 7:20. Mwana anali akadali pansi, pabwalo la ndege, ndipo ndege yake inali ndi ola lathunthu ndi mphindi khumi isananyamuke.

Achimwene, mukukumbukira 2009? Munandiimbira foni kuti mayi akudwala kwambiri, akundifuna, ndibwere msanga. Ndinathamanga kukagula bulangete lofunda ndi mankhwala a mafupa, n'kukwera ndege ndi Mayankho, ali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Njira yonse ndinkamuphunzitsa mmene akagwadire popereka moni kwa agogo ake. Titakhotera msewu wa kwathu tinapeza masamba atayalidwa pamsewu. Mayi anali atagona kale masiku awiri kumochale.

Ndinakukwiyirani chaka chathunthu, kenaka ndinamvetsa. Munati wapaulendo sauzidwa maliro, angakomoke panjira pakati pa alendo. Amayamba wafika, akhale pansi, abale amuzungulire. Ndi mwambo wachifundo, sindikuutsutsa. Koma Mayankho anaiona nkhope yanga tsiku lija, ndipo bulangete lija amene analinyamula ndi iyeyo.

Foni inalira nthawi ya 1:05. Anali Mayankho, ali pakhomo lokwerera ndege, ndinkamva akuitana anthu kumbuyo kwake. Mwanayu mukumudziwa, ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Lero walankhula Chichewa, chija chake chopindikapindika. Anati amayi, musandichite zimene amalume anakuchitani. Anati ngati adadi apita kale ndiuzeni pompano, sindikwera, ndikansela tikiti, ndibwerera kwa Kelly, ndikalirira komweko ndipo maliro ndidzaonera pavidiyo. Koma ngati akupuma, ndikubwera.

Ndinali nditaima pakati pa khitchini ndi pabalaza. Alamu anu ndinali nditawamanga kale chibwano ndi mpango wanga. Foni inali pa sipika, mayi Tionenji anamva zonse. Anandiyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono chabe, monga amachitira amayi akuluakulu pamaliro, ndipo ine ndinamva chimene ankanena: wapaulendo sauzidwa.

Ndinati akupuma, mwana wanga, bwera.

Anapempha kuti ndiike foni pakhutu pawo. Ndinaika, achimwene. Ndinaika foni pakhutu pa munthu womwalira, mwana wanga n'kumawauza kuti adadi mundidikire, maola seveni okha, mphepo ili kumbuyo kwanga monga munkanenera. Khutu lawo linali lisanazizire.

Nesi wodzatsimikiza imfa anafika mochedwa, anali ndi odwala ena. Papepala analemba nthawi imene iye anawapima, 2:50, anati ndi mmene amachitira pantchito pawo. Atangotuluka, mayi Tionenji anandikokera kukhitchini n'kunena kuti Mulungu watikonzera yekha. Anati pepala likunena nthawi imene ndege inali itanyamuka kale, ndiye tonse tizinena zomwezo. Madzi akatayika sawoleka, anatero, nanga mwana timusenzetserenji katundu wina pamwamba pa maliro a bambo ake.

Amayi a Mvano afika pambuyo pake, onse akudziwa za 2:50. A Kingstone, amene anyamuka pagalimoto kukamuchingamira ku Heathrow, nawonso akudziwa za 2:50. Mwina nanunso akuuzani chomwecho. Mayi Tionenji musawaone ngati munthu woipa. Asambitsa alamu anu ndi manja awo, agona pampando sabata yathunthu akuchokera ku shifiti. Akundifunira zabwino, ndipo n'chifukwa chake mawu awo akundiopsa.

Koma pali khoma lija. Kuseri kwake kumakhala mayi Banu, oyandikana nafe chibwerere kuno. Mayankho wakulira m'khitchini mwawo akudya masamusa. Anabwera ndi fulasiki ya tiyi, anandikumbatira, n'kunena kuti anandimva ndikukuwa akuphika chamasana, 12 koloko itangodutsa, ndipo anazimitsa moto n'kuyamba kutipempherera. Kenaka anafunsa ngati mwana ndamuuza. Ndinangolandira fulasiki ija. Mawa akabwera kudzamupepesa Mayankho, ndiwagwire pakamwa? Ndikawauze mayi amene amaswali kasanu patsiku kuti atinamizireko pang'ono?

Osunga maliro abwera kudzatenga thupi cha m'ma 5 koloko. Bedi latsala lopanda kanthu pabalaza, amayi akhala molizungulira. Kamakina kopopera mpweya m'matiresi kakadalirabe, palibe wakumbukira kukazimitsa. Ndikukamva kuno kumwamba pakati pa nyimbo, kakupuma, n'kusiya, n'kupumanso.

Kandege kaja kafika pakati penipeni pa nyanja. Kumanja madzi, kumanzere madzi.

Nthawi ya 6 koloko Kelly wanditumizira uthenga. Akuti zikomo amayi pomuuza zoona, mwana wanu sakanadzikhululukira akanapanda kuwapeza. Akuti dzulo anagwirizana kuti mwana akabadwa wamwamuna adzakhala Ephraim, ndipo Mayankho akufuna adzawauze adadi yekha akafika, ndiye ine ndisawatsine khutu. Watumizanso chithunzi, ataima ndi mimba yake pafupi ndi kabedi kamwana kamene Mayankho anali atangoyamba kulumikiza, mbali imodzi ikadali pansi.

Tsopano ndinene chimene ndatengera cholembera. Ndikhoza kubisala kumbuyo kwa mwambo. Ndikhoza kuloza mayi Tionenji, ndikhoza kuloza inu amene munandiphunzitsa. Koma mwambo uja ndi wa munthu amene akafika, n'kulira, n'kuika maliro, amakwera basi yomweyo kubwerera kwa mkazi wake. Ine ndinkadziwa bwino lomwe kuti ulendo uwu ulibe tikiti yobwererera. Mawu a mwana ndinawamva onse, mutu wanga sunasokonezeke.

Chimene ndinaona ndi nyumba ino m'nyengo yozizira, kunja kutada 4 koloko masana, ine ndikubwera ku shifiti n'kutsegula chitseko popanda wondifunsa kuti wayenda bwanji. Ndinamufuna mwana wanga. Zaka zinayi sindinamugwire. Ndinamuba, achimwene. Ndinamulanda kwa mkazi wake ndi kwa mwana wake, alamu anu asanazizire n'komwe, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anandipempha kuti ndisachite.

Ndikuchita mantha. Mwamuna wanga amene ndakhala naye zaka makumi atatu wamwalira lero, koma chisoni chasowa pokhala, mantha adzaza ponseponse.

Ndaganiza kuti za 2:50 sindinena. Ndisakunamizeni, poyamba ndinkangoopa mayi Banu basi. Koma ndikulemba muno ndaona Ogasiti. Mwana adzabadwa, Mayankho adzamuonera pafoni ali pabalaza panga, akudya chakudya changa, n'kumanditonthoza kuti amayi munayesetsa, tinangochedwa pang'ono. Zimenezo sindingazisenze zaka khumi. Mlandu suwola, ndipo bola aumve kwa ine kusiyana n'kukaumva kuseri kwa khoma.

Ndikumudziwa, sadikira kuti aonane ndi a Kingstone. Matayala akangogunda pansi ayatsa foni, ndipo funso lake ndikulidziwa. Ndimuuza kuti adadi apita. Akafunsa nthawi, ndipo afunsa chifukwa ndi mwana wa a Ephraim, ndinena kuti 12:20. Masamu otsalawo awerengera yekha. Ndawauza mayi Tionenji pamasitepe, agwira pakamwa n'kunena kuti si mwambo kumuuza munthu ali pakati pa alendo. Ndawayankha kuti mwambo lero wadya kale gawo lake.

Choncho musandiyankhe kuti ndikhale chete. Kalatayi ikamakufikani ndikhala nditanena kale.

Pempho langa ndi ili. Mawa mumuimbire foni. N'kutheka kuti safuna kundiona, mwina sagona n'komwe m'nyumba muno. Musanditchinjirize, musamuuze kuti kwathu timatero, musamuwerengere mavesi a kulemekeza amayi. Mungomumvera. Ngati mungathe, mumupepesenso za bulangete lija, sanaiwale.

Alamu anu ankafuna kukagona kwawo, ndipo a kumpingo ayamba kale kukonza zonyamula thupi. Mayankho adzabwera nalo, popeza tsopano dziko lililonse ndi lotseguka kwa iye kupatula limodzi lokha limene akulifuna. Mudzamulandire. Akadzati sakufuna kubwerera ku Leicester, musadzamukakamize chifukwa cha ine, mudzamusunge. Ine ndamupeza mwana wanga mwakuba, ndipo ndikhoza kumutaya usiku womwe uno. Akandikana ine, asatsale wopanda kholo.

Kelly ndimulembera ndekha, sindikudziwa kuti ndiyambira pati.

Kandege kadutsa Ireland ndikulemba ndime zapitazi, pano kakuzungulira pamwamba pa London. Kunja kukadawala, dzuwa la Juni kuno silidziwa kulowa, anthu akubwera kogula zinthu ngati tsiku lililonse. Pansipa asiya kuimba, ndikumva makapu.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, kwa mng'ono wanga Christabel ndi ana ake, ndi kwa azakhali. Akwawo kwa a Ephraim muwauze kuti anapita mwamtendere, sanavutike, chimenecho chokha ndi choona chimene ndinganene mosachita manyazi. Mulungu akusungeni nonse, ndipo mukamapemphera munditchule dzina.

Kandege kaima. Pafoni palembedwa kuti katera, mphindi makumi awiri nthawi yake isanakwane. Mphepo ija yamukankha ndithu.

Ndisiyire pano, achimwene, foni yayamba kulira.

Ine mlongo wanu,
Jestina